Banki nayo ili ndi mitengo: phunziro kwa ongofika kumene ku Joni

Sabata ino tisiye kaye za mtengo wa nyemba, soya ndi feteleza. Tikambe za mtengo wina umene simungaupeze pachikwangwani cha msika uliwonse, komabe ukudya mpamba wa abale athu ambiri amene angofika kumene ku South Africa. Ndikunena ndalama zimene banki imadula mu akaunti ya munthu. Phunziroli ndi la amene mukukonza ulendo wa ku Joni, amene mwafika chaka chino, komanso inu otsala kumudzi amene mumadabwa kuti bwanji mwana adalonjeza R1,000 koma watumiza R800.

Zimayamba chonchi. Munthu walandira R4,500 ya pamwezi. Wachotsapo ya lendi, ya chakudya, ya minibasi ndi yotumiza kumudzi. Masamu ake akumuuza kuti payenera kutsala R300, koma foni ikuonetsa R62. Poyamba amaganiza kuti wina wadziwa nambala yake yachinsinsi. Kawirikawiri sipakhala wakuba. Yatenga ndi banki, ndipo idanena kale kuti izidzatenga, m'mapepala aja adasainira mothamanga tsiku lotsegula akaunti.

Banki ndi wogulitsa ngati wina aliyense. Katundu wake ndi ntchito zimene imakugwirirani: kukusungirani ndalama, kukupatsani ndalama pamakina, kukutumizirani uthenga pafoni, kukulipirirani ngongole. Chilichonse chili ndi mtengo wake. Kusiyana kwake ndi mayi wa tomato n'kwakuti mayi uja amakuuzani mtengo musanatole, mumanenerera, mwinanso n'kukuikirani banyira. Kubanki kulibe kunenerera, ndipo imadzitengera yokha chifukwa chikwama chanu chili m'manja mwake. Koma mitengoyo siibisa. Chaka chilichonse banki imatulutsa kabuku ka mitengo kotchedwa pricing guide, kamene kamapezeka pa intaneti ndi kunthambi zake. Standard Bank, Absa ndi Nedbank amasintha mitengo mu Januwale, Capitec mu Malichi, FNB mu Julayi. Choncho mtengo umene mnzanu wokhalitsa adakuuzani chaka chatha mwina udasintha kale, ndipo manambala amene ndigwiritse ntchito pansipa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke. Enieni ali m'kabuku ka banki yanu.

Tiyambire pakhomo, posankha akaunti. Pali maakaunti amene amadula pang'ono pamwezi, ndalama yosakwana ngakhale mtengo wa buledi, kenako n'kumakulipiritsani pa chilichonse chimene mwachita. Palinso ena amene amadula zambiri pamwezi, R100 kapena kupitirira, koma m'kati mwake muli kale ntchito zingapo zosalipira. Wogwira ntchito kubanki akhoza kukunyengererani kuti mutenge wachiwiriwu, khadi yake ndi yonyezimira, dzina lake ndi lagolide. Kwa munthu amene akulandira marandi masauzande ochepa, maganizo anga ndi akuti ayambe ndi akaunti yotsika mtengo kwambiri. Kukwera n'kosavuta mtsogolo muno ndalama zikadzayamba kuyenda. Mufunse mafunso atatu musanasaine: pamwezi mudula zingati, kutapa ndalama n'zingati, ndipo mu akaunti mukasowa ndalama yokwanira chilango chake n'zingati. Safunsa anadya phula.

Banki idzafuna pasipoti ndi chilolezo chokhalira kapena kugwirira ntchito m'dzikomo, ndipo ambiri amafunanso umboni wa kumene mukukhala. Imachita zimenezi potsatira lamulo la FICA la 2001. Chofunika kukumbukira n'chakuti banki imalemba tsiku limene chilolezo chanu chidzathe. Tsikulo likadutsa inu musanapereke mapepala atsopano, ikhoza kuimitsa akaunti. Ndalama zanu zimakhala zili momwemo koma simungazikhudze, pamene za pamwezi zija zikudulidwabe. Mukangolandira chilolezo chatsopano, kapena pasipoti yatsopano, pitani nazo kunthambi sabata yomweyo.

Tsopano makina a ATM, amene amadya ndalama za alendo mwakachetechete. Ambirife tidazolowera kugwira ndalama m'manja, ndipo poopa akuba timatapa pang'onopang'ono: lero R100, mawa R150, mkuja R100. Vuto n'lakuti mabanki ena amadula mtengo umodzi pa R1,000 iliyonse kapena kachigawo kake. Tiyerekeze kuti mtengowo ndi R10. Amene watapa R1,000 kamodzi walipira R10. Amene watapa R100 kakhumi walipira R100 pa ndalama yomweyo. Ndiye kuti pa marandi khumi alionse, imodzi wapereka kubanki. Wamalonda aliyense amene amawerenga danga lino akudziwa kuti phindu la 10 peresenti anthu amalikhetsera thukuta tsiku lonse padzuwa.

Kumabanki ambiri mtengo umakweranso mukatapa pamakina a banki ina. Njira yotsika mtengo ilipo ndipo alendo ambiri saidziwa: kutapa ndalama patilu m'masitolo monga Shoprite, Checkers, Pick n Pay ndi Boxer. Mumangouza wapatilu kuchuluka kwa ndalama imene mukufuna, n'kulowetsa khadi. Pa maakaunti ambiri mtengo wake ndi kachigawo chabe ka wa pa ATM. Kuposa pamenepo, kugula katundu ndi khadi pa maakaunti ambiri n'kwaulere. Ufa, mafuta ophikira ndi sopo lipirani ndi khadi, ndalama ya m'manja ikhale ya minibasi ndi ndiwo za pamsewu. Mukatero mwapewanso kuyenda ndi mpukutu m'thumba pakati pa Johannesburg, zimene palibe munthu wanzeru angakulangizeni.

Pali tina ting'onoting'ono. Kufunsa pa ATM kuti mwatsala zingati kumadulitsa kumabanki ena, makamaka pamakina a banki ina, pamene kuona pafoni kudzera pa app n'kwaulere. Khadi ikakanidwa patilu kapena pa ATM chifukwa ndalama n'zosakwana, mabanki ena amadulanso. Inde, munthu amalipira chifukwa chokhala alibe ndalama. Ndiye khalidwe lija loyesera khadi katatu poganiza kuti mwina makina alakwitsa lisiyeni. Ikakana kamodzi, onani kaye pafoni. Mauthenga a SMS okudziwitsani za ndalama yolowa ndi yotuluka nawo amalipiritsa kumabanki ena, ndipo sitetimenti yosindikiza kunthambi ili ndi mtengo pamene ya pafoni ilibe.

Koma zonsezi ndi nsabwe chabe. Chilombo chenicheni ndi debit order, ndipo apa tikhalitsepo.

Debit order ndi chilolezo chimene mumapereka kwa kampani kuti izitenga yokha ndalama mu akaunti yanu pa tsiku limene mwagwirizana. Mlendo amakumana nayo msanga: polowa inshulansi ya maliro, potenga foni ya kontirakiti, pogula bedi kapena firiji pangongole. Inshulansi ya maliro ndi nzeru yabwino kwa munthu wokhala kutali ndi kwawo, chifukwa tonse tikudziwa mmene kunyamula thupi kuchoka ku Joni kufika ku Mzimba kapena ku Mangochi kumasautsira abale. Choopsa ndi tsiku. Wolembetsa amakufunsani kuti tizidula liti, inu n'kuyankha kuti pa 1 chifukwa abwana amalipira kumapeto kwa mwezi. Koma amene amagwira ntchito za m'nyumba, za m'maluwa, zomanga kapena maganyu akudziwa kuti kumapeto kwa mwezi kwa abwana kumatha kufika pa 3. Ngakhale abwana atumize pa 31, ngati banki yawo ndi yosiyana ndi yanu ndalama imatha kutenga tsiku limodzi kapena awiri a ntchito, ndipo Loweruka, Lamulungu ndi holide zimachedwetsanso.

Ndiye pa 1 m'bandakucha kampani ija yagogoda mu akaunti, yapeza mulibe kanthu. Banki imabweza pempholo n'kukudulani chindapusa. Chindapusachi chimasiyana kwambiri: kumabanki ena ndi marandi ochepa, kwina chimafika pa mtengo wa chakudya cha masiku awiri kapena atatu. Ngati muli ndi ma debit order atatu pa tsiku lomwelo, chindapusa chimakhalanso katatu. Kampani ikayesanso patapita masiku n'kupeza mulibebe, banki imadulanso. Kampaniyo nayo ikhoza kuika chilango chake kapena chiwongoladzanja pa ngongole. Malipiro akamadzalowa pa 3, amayamba atseka dzenje limeneli. Choipitsitsa n'chakuti inshulansi ikaphonyedwa miyezi yotsatizana imatha kufa, ndipo banja limadzadziwa zimenezi tsiku la maliro.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Ikani tsiku lodula masiku atatu kapena anayi pambuyo pa tsiku limene ndalama imalowadi mu akaunti, osati limene abwana amalonjeza. Ngati mudasaina kale, imbirani kampaniyo kuti isinthe tsiku; tsikulo amasintha ndi eni debit order, osati banki. Lembani papepala ma debit order anu onse, ndalama zake ndi masiku ake, ndipo musanatumize ndalama kumudzi chotsani kaye zimenezo. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa kumudzi akuimba foni kuti ufa watha ndipo mtima sungapirire. Koma kutumiza R1,000 lero n'kudulidwa chindapusa mawa ndiye kuti mwezi wamawa mutumiza zochepa. Mukaona kuti mwezi uno ndalama sizikwana, uzani kampani tsikulo lisanafike. Makampani ambiri amamva munthu wonena msanga.

Palinso ma debit order achinyengo. Kwa zaka zingapo ku South Africa kudabuka mchitidwe wa timakampani tosadziwika todula R99 m'maakaunti a anthu. Adasankha R99 dala, chifukwa anthu ambiri salandira uthenga pafoni ndalama yotuluka ikakhala yosakwana R100. Pofuna kuchepetsa zoterezi, mabanki adabweretsa njira yotchedwa DebiCheck: kampani isanayambe kudula, banki yanu imakufunsani pafoni, pa app kapena pa ATM kuti muvomereze kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lake. Uthenga wotero ukabwera, werengani musanadine. Mukavomereza, kudzaikana pambuyo pake n'kovuta. Ndipo popeza si ma debit order onse amene amadzera mu DebiCheck, maso anu pa sitetimenti akufunikabe. Mukapeza dzina limene simukulidziwa, kanani sabata yomweyo, pa app kapena kunthambi. Pali malire a masiku okanira, ndipo akadutsa nkhani imatalika.

Chenjezo limodzi apa. Ena adatulukira kuti akhoza kubweza debit order yoona, ya ngongole imene adatengadi, kuti apeze ya ndiwo. Kumeneko n'kudzikumbira dzenje. Kuimitsa debit order kubanki sikuthetsa mgwirizano wanu ndi kampani. Ngongole imakhalapobe, ikukula, ndipo dzina lanu limaipa kwa obwereketsa onse. Mukafuna kusiya inshulansi kapena kontirakiti, lemberani kampani yeniyeniyo ndipo musunge yankho lake.

Kwa ochita geni, amene mumagulitsa nsomba zouma, zitenje kapena zovala n'kumalandira ndalama pamanja, dziwani kuti kuika ndalama mu akaunti nakonso kumalipiritsa. Izi zimadabwitsa ambiri: ndikuwapatsa ndalama, andidulanso? Eya. Mtengo wake nthawi zambiri umawerengedwa pa R100 iliyonse, ndipo pakauntala ya m'nthambi ndi pokwera kuposa pamakina olandira ndalama. Ngati mukukaoda katundu mawa ndi ndalama yomweyo, palibe chifukwa choiika lero n'kudulidwa, mawa n'kuitapa n'kudulidwanso, pokhapokha ngati kumene mukugona sikodalirika. Ndipo kasitomala amene angathe kukulipirani mwachindunji mu akaunti, mulimbikitseni atero.

Polipira munthu wa banki ina pali njira yanthawi zonse, imene imachedwa tsiku kapena awiri koma ndi yotsika mtengo, ndi njira yachangu imene imafika nthawi yomweyo koma imadula. Lendi mukailipira masiku awiri isanakwane simufunika yachanguyo. Kuyambira mu Malichi 2023 kulinso PayShap, imene imatumiza ndalama nthawi yomweyo, ngakhale pogwiritsa ntchito nambala ya foni yolembetsedwa. Pa ndalama zing'onozing'ono kawirikawiri ndi yotchipa, koma banki iliyonse imaika mtengo wake, ndiye onani m'kabuku kaja.

Tifike pa chimene ambiri adapitira ku Joni: kutumiza ndalama kumudzi. Banki Yaikulu Padziko Lonse yakhala ikuonetsa kwa zaka zambiri kuti mwa mayiko a G20, South Africa ndi limodzi mwa odula kwambiri kwa munthu wotumiza ndalama kunja. Bungwe la United Nations lidaika cholinga chakuti pofika 2030 mtengo wotumizira ukhale pansi pa R3 pa R100 iliyonse. Sungani nambala imeneyo ngati sikelo yoyezera amene mukutumiza naye. Makampani monga Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa ndiwo Amalawi ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo pa ndalama zochepa kawirikawiri amatchipa kuposa kutumiza kudzera kubanki. Koma mtengo wotumizira uli pawiri. Pali umene amakuuzani poyera, ndipo pali wobisala mu reti yosinthira randi kukhala kwacha.

Tiyerekeze kuti muli ndi R1,000 yonse pamodzi. Kampani yoyamba ikudula R50 ndipo ikupereka K100 pa randi. Kumudzi alandira 950 kuchulukitsa ndi 100, ndiyo K95,000. Yachiwiri ikudula R20 yokha koma ikupereka K94 pa randi. Kumudzi alandira 980 kuchulukitsa ndi 94, ndiyo K92,120. Yooneka yotchipa ija yadya K2,880 yoonjezera. Choncho funso lofunsa ndi limodzi: ndikapereka R1,000 yonse, mayi anga agwira makwacha angati m'manja? Ndati m'manja, chifukwa ndalama ikalowa mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, potapa kwa ejenti amadulanso. Ngati mukufuna kuti afike ndi K90,000 yathunthu kwa wogulitsa feteleza, muonjezere yotapira.

Kutumiza kudzera kubanki, njira ya SWIFT, kumayenera pa ndalama zikuluzikulu monga zogulira malo kapena zolipirira katundu wambiri. Kumeneko banki yotumiza imadula, ya pakati ikhoza kudula, yolandira ku Malawi ikhozanso kudula. Pa fomu amafunsa kuti ndalama zodulazi alipira ndani, wotumiza, wolandira kapena mugawana. Musadumphe funso limeneli, chifukwa ndilo limayambanitsa abale ndalama ikafika yoperewera.

Khadi nayo ikawoloka malire imasintha mtengo. Khadi ya banki ya ku Malawi mukaitapira ku South Africa, kapena ya ku South Africa mukaitapira ku Lilongwe pa Khirisimasi, mumalipira mtengo wotapira kunja komanso kachigawo kosinthira ndalama. Kutapa kawirikawiri timatapa tochepa ndi khadi yotere ndiko kuwononga kwambiri.

Nanga ndalama zikadulidwa kale, mutani? Choyamba n'kudziwa chimene chadulidwa. Tsegulani sitetimenti ya mwezi wathunthu, osati uthenga umodzi wa pafoni, ndipo chongani mzere uliwonse umene suli wa chinthu chimene mudagula. Phatikizani. Anthu ambiri akachita zimenezi koyamba amagwira pakamwa. Kenako gawani pawiri. Pali zimene zadulidwa molingana ndi kabuku ka mitengo. Izi banki sikakamizidwa kubweza, ngakhale kuti kupempha sikulakwa, makamaka ngati ndi koyamba kapena ngati cholakwa chidali kuchedwa kwa makina awo. Ndiye pali zimene zadulidwa molakwika: kudulidwa kawiri pa chinthu chimodzi, inshulansi kapena ntchito imene simudapemphe, debit order imene simukuidziwa, kapena ATM imene yalemba kuti mwatapa pamene sidatulutse ndalama. Izi ndi zanu, ndipo muyenera kuzilondola.

Pitani kunthambi kapena imbani nambala imene ili kuseri kwa khadi yanu, osati nambala imene wina wakutumizirani pa WhatsApp. Nenani tsiku, kuchuluka kwa ndalama ndi dzina limene lalembedwa pamzerewo. Ngati ndi ATM, sungani kapepala kake ndipo lembani malo ndi nthawi. Musachoke musanapatsidwe nambala ya dandaulo lanu, chifukwa popanda nambalayo ulendo wotsatira mudzayambiranso pachiyambi kwa munthu wina. Alendo ambiri amaopa kudandaula, ati Chingerezi changa n'chothyoka, ati angandifunse zambiri. Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Ngati akaunti ili m'dzina lanu, ndinu kasitomala ngati mwini dziko, ndipo kutenga mnzanu wodziwa chilankhulo kuti akuperekezeni sikuletsedwa. Nambala yachinsinsi yokha ndiyo musamuuze.

Banki ikakana kapena ikangokhala chete, kuli ofesi ina pamwamba pake. National Financial Ombud Scheme idayamba ntchito pa 1 Malichi 2024 itaphatikiza maofesi amene kale ankamva padera madandaulo a za mabanki, ngongole ndi inshulansi. Kudandaula kumeneko n'kwaulere ndipo sipafunika loya. Chimene amafuna n'chakuti muyambe mwadandaula kubanki, ndiye nambala ija ndi makalata onse musunge.

Zonsezi zimagwira kwa munthu amene akaunti ndi yake. Tikudziwa kuti ena, chifukwa cha mapepala, malipiro awo amalowera mu akaunti ya mlamu kapena ya mnzawo wa kumudzi. Pamenepo zodulidwa simuziona, mumangouzidwa. Debit order ya mwini akaunti ikagogoda pa 1, imadya malipiro anu, ndipo kubanki simungakadandaule chifukwa sakukudziwani. Ngati palibiretu njira ina, gwirizanani poyera kuti zotapira alipira ndani, onerani limodzi sitetimenti, ndipo ndalama yanu isagonemo. Inunso eni maakaunti, musalole munthu amene simukumudziwa bwino kudutsitsa ndalama mwa inu chifukwa wakulonjezani kangachepe. Ndalamayo ikapezeka kuti ndi yakuba, akaunti yotsekedwa ndi yanu ndipo wofunsidwa ndi apolisi ndi inu.

Chotsala ndi ulendo wobwerera. Munthu amapita kumudzi mu Disembala ati akabwera mu Januwale, mvula n'kumugwira kumunda mpaka Epulo. Akauntiyo kumbuyo ikudulidwa mwezi ndi mwezi, ma debit order akubwerera ndi zindapusa zake, ndipo pobwera amapeza malipiro oyamba akutseka dzenje, mwinanso akaunti idagonekedwa chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Ngati mukupita kwa miyezi ingapo, werengani za pamwezi ndi ma debit order onse a miyezi imeneyo, musiyemo ndalama yokwanira ndi kakusefukira pang'ono. Nambala ya foni ya ku South Africa isafe, chifukwa mauthenga otsimikizira a banki amapita kumeneko. Ngati mukupita osabwereranso, thetsani kaye makontirakiti ndi makampani, dikirani debit order yomaliza idutse, kenako kapempheni kunthambi kuti akaunti itsekedwe ndipo akupatseni kalata yotsimikizira. Kutapa ndalama zonse n'kutaya khadi sikutseka akaunti.